Mapazi Anayi Pabalaza

Alamu anga sankayamba ntchito asanagunditse kuseri kwa dzanja lawo pa chinthu chimene akufuna kuyeretsa. Kaya ndi chitseko cha galimoto, kaya ndi simenti ya m'nyumba ya munthu, ankayamba aikapo dzanja, monga amachitira mayi pofuna kumva ngati mwana watentha thupi, n'kukhala kaye chete. Pakakhala potentha ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Dikirani." Pakakhala pabwino ankangoti, "Pazizira," kenako n'kutenga chiguduli. Mawu oyambawo ankawanena kawirikawiri moti anasanduka dzina lawo. Madalaivala onse ankawatchula a Dikirani, ndipo ambiri sankadziwa ngati anali ndi dzina lina.

Anakwatira mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Ine ndinkamata matayala, iwo ankatsuka magalimoto, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tinagwira ntchito pabwalo limodzi, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Panali mpanda wa malata, mpopi umodzi, ndi kadenga ka mthunzi kokwana galimoto imodzi yokha. Kuchokera pabenchi langa kukafika pampopi wawo panali pafupi, poti n'kuponyerana chiguduli. Tonse sitinali anthu olankhulalankhula. Tsiku linkatha titangouzana "mwadzuka" m'mawa ndi "tionana" madzulo. Koma ndinkawaona.

Kutsuka galimoto aliyense amatha. Pamene alamu ankasiyana ndi anzawo ndi pa phula. Msewu akauthira phula latsopano, galimoto ikadutsapo, timadontho takuda timathovukira m'munsi mwa zitseko, ndipo tikauma sopo amangodutsa pamwamba. Anthu ambiri akaona timadonthoti amathamangira chopalira. Alamu ankalowetsa galimoto pamthunzi n'kutsuka fumbi lonse, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira pachiguduli ndi kamene kamakanda penti. Kenako dzanja lija. Penti akakhala wotentha, palafini amauma msanga n'kusiya banga, choncho ankadikira, ngakhale mwini galimoto anyinyirike bwanji. Pakazizira ankanyowetsa kachiguduli ndi palafini kapena mafuta ophikira, n'kukamata paphulapo, iwo n'kuima pambali manja ali kumbuyo. Phula likafewa ankalipukutira mbali imodzi yokha, akupinda chiguduli nthawi iliyonse kuti pakuda pasabwererenso papenti. Pomaliza sopo ndi madzi.

Ndikukumbuka dalaivala wina wa takisi, wamfupi, wamkamwa kwambiri.

"A Dikirani, ndasiya anthu atatu pamsewu akundidikira."

"Ndiye kuti tonse tili pantchito imodzi."

"Ingopalani ndi lezala, bambo wanga, zithe izi."

"Lezala ndi ya ndevu. Chitseko chanu chamera ndevu?"

Wa takisi uja anatukwana pang'ono, analiza galimoto n'kumapita. Kunyumba kwake anakatenga petulo ndi chitsulo chokwechera mapoto. Patapita masiku anayi anabwera, chitseko chili ndi chigamba chotuwa ngati mutu wa mwana wachipere. Alamu anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Phula ndikanachotsa," anatero. "Koma zimene mwachotsa inu sindingabwezerepo."

Mbiri yawo inatuluka pampanda paja. Anthu akapondera phula m'masitolo, m'maofesi ndi m'nyumba, ankatuma munthu kudzawatenga. Ankapita ndi kabotolo ndi mtolo wa ziguduli, n'kukagwada pansi pa anthu ola limodzi kapena awiri. Tsiku lina anakafika panyumba pamene panali khanda lodwala chifuwa, mayi wake n'kukana kuti m'nyumbamo mununkhe palafini, ndipo mafuta ophikira anali atatha. Alamu anapempha majarini. Anapaka paphulapo ngati pabuledi, anadikira nthawi yotalikirapo, phula n'kunyamuka. Nkhani imeneyo ankaikonda. Munthu wosalankhula ngati iwo anandiuza kokwana mwina khumi.

Kwawo kunali nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Pansi panali simenti yofiira, ndipo mlongo wanga ankaipaka polishi Loweruka lililonse atagwada, n'kuipukuta ndi chiguduli kuphazi mpaka mwendo wa tebulo kumaonekera pansi. Lamulo lapanyumbapo linali limodzi: nsapato zimatsala pakhomo. Ngakhale abusa ankavula.

Ana anali awiri. Wamkazi anakula n'kukhala namwino. Wamwamuna, wachisamba, tonse tinkangomutchula Wamkulu, kuyambira tsiku limene mlongo wake anabadwa. Anali wamtali, wosakhazikika, woseka ndi mano onse. Ntchito ya bambo ake anaikana ali wamng'ono. Ankati iye sangathe kuima manja kumbuyo n'kumayang'ana chiguduli. Atakula analowa ntchito m'gulu la okonza misewu, ndipo akamadutsa pabwalo pathu madzulo, jombo zili bii, ankayamba chipongwe asanalowe n'komwe pageti.

"Ababa, ine ndimathira, inu mumachotsa. Ndani akudyetsa mnzake pamenepa?"

"Uzithira mumsewu. Pamagalimoto a anthu wakutuma ndani?"

"Amalume, mukumva? Ndikuwapezera makasitomala, osandithokoza."

"Usandiuze ine," ndinkamuyankha. "Iwe ukukwirira maenje, matayala sakuphulikanso. Ukundipha ndi njala."

Ankaseka mpaka kugwira mpanda. Bambo ake ankaweramira mundowa kuti asaoneke kuti nawonso akuseka.

Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pamene gulu lawo linatumizidwa kukakonza msewu wakutali, kokagonera komweko milungu iwiri. Tsiku lonyamuka anagwira ntchito m'mawa m'tauni, ndipo masana atakwera kale lole anakumbukira kuti waiwala chiphaso cha ntchito patebulo. Lole inaima pakhomo, ikuliza hutala. Wamkulu anadumpha, analowa m'nyumba ndi jombo, anatola chiphaso, anatuluka. Mayi ake anali kuseri akuchapa. Pamene ankazungulira nyumba, thovu lili m'manja, anangoona msana wake akukwera lole. Anamukalipira, iye n'kukweza chiphaso m'mwamba akuseka.

Jombo ya kumanja inali ndi phula. Inasiya mapazi anayi pasimenti yofiira ija: awiri olowa, lachitatu pakona ya tebulo pamene anapotolokera, ndi lachinayi pafupi ndi chitseko, loloza kunja. Oyambawo anadinda bwino mpaka mizere ya kunsi kwa jombo inkawerengeka. Lomaliza linali losakwanira, chidendene ndi mbali imodzi basi.

Madzulo amenewo ndinaperekeza alamu kwawo kuti ndikatenge pampu yanga ya njinga. Tinapeza mlongo wanga ataima pabalaza, manja ali m'chiuno.

"Onani zimene wachita mwana wanu. Tengani botolo lanu lija."

Alamu anali atatopa. Tsiku limenelo anali atachotsa phula pamagalimoto asanu. Anayang'ana pansi, nkhope n'kuuma.

"Sindichotsa," anatero. "Tsiku lonse ndigwadire phula la anthu, ndibwere kwanga ndidzagwadire la mwana wobereka ndekha? Asiyeni choncho. Akabwera adzachotse yekha, adzaone mmene zimawawira m'maondo."

Ine ndinatenga pampu yanga n'kumapita. Zinali zapanyumba, za tsiku lililonse.

Patapita masiku khumi ndi limodzi, cha m'ma teni m'mawa, pabwalo pathu panalowa kagalimoto koyera ka kampani ya misewu, m'munsi monse muli timadontho ta phula. Alamu anasiya ndowa n'kukachingamira ngati kasitomala wina aliyense. Anaika kuseri kwa dzanja pachitseko.

"Dikirani," anatero. "Mwachokera kutali, yatentha."

Amene anatsika anali kapitawo wa gulu la Wamkulu. Anavula chipewa. Ine ndinaliona dzanja la alamu likadali pachitseko paja, losasuntha, mpaka munthu uja anamaliza kulankhula. Wamkulu anali ataima ndi mbendera yoimitsira magalimoto, ndipo lole ina yodzaza katundu sinaime.

Pamaliro anthu anadzaza nyumba. Mlongo wanga, amene sankatha ngakhale kumeza madzi, anadzuka pamphasa, anakoka benchi ndi mipando iwiri n'kuziimika pamwamba pa mapazi aja kuti munthu asapondepo. Anthu anaganiza kuti chisoni chamusokoneza mutu. Sanafotokozere aliyense.

Abale onse atabalalika, ndinali pomwepo m'mawa wina pamene alamu anatuluka kuchipinda ndi kabotolo kawo ndi chiguduli. Anali asanagwade pamene mlongo wanga anaima patsogolo pawo.

"Munati adzachotse yekha."

"Ndinatero."

"Ndiye asiyeni."

Sanakweze mawu. Alamu anaima pang'ono, anabwerera kuchipinda, ndinamva botolo likugunda pashelefu. Nkhaniyo sanaikambiranenso. Sindikudziwa ngati mlongo wanga ankatanthauza kuwalasa. Ndikuganiza kuti ankangofuna mapaziwo akhale, ndipo anatola mawu amene anali pafupi.

Mapazi aja anakhala zaka zisanu ndi zinayi. Loweruka lililonse mlongo wanga ankapaka polishi mozungulira, chala chikutsata m'mphepete mwa phazi lililonse kuti asakhudze phula. Zinthu zina za Wamkulu zinapita. Zovala anagawana abale, jombo zinabwerera kukampani, chithunzi chinali chimodzi ndipo anali atatsinzina. Koma pansi paja pankaoneka kayendedwe kake, kutalika kwa mwendo wake, ndi changu chake. M'mawa mlongo wanga akamasesa ankaima pambali pa phazi lomaliza lija, tsache lili m'manja, n'kumayang'ana kumene likuloza. Alendo ankauzidwa akadali pakhomo kuti adutse cha kukhoma.

Namwino atapeza mwamuna, abale a mwamunayo akubwera kudzaona makolo, anayesa kuwanyengerera mayi ake.

"Amayi, mwina tingoyalapo mkeka tsiku limodzi lokha."

"Kukutentha. Mkeka umatirira."

"Nanga akafunsa ndidzati chiyani? Nyumba ya a Dikirani, anthu otchuka ndi kuchotsa phula, pabalaza pali phula?"

"Udzati ndi mapazi a achimwene ako. Akanyansidwa nawo si anthu oti ukakhale nawo."

Alamu anali pampando wawo wa pakona, akumva zonse. M'nyumba mwawo momwe ankayenda cha kukhoma ngati mlendo, ndipo sindinawaonepo akuyang'ana pansi pamenepo. Kuntchito sanasinthe. Anangosiya kuseketsa madalaivala. Galimoto za kampani ya misewu zikabwera ankazitsuka okha, osalola munthu wina kuzigwira.

Mutu unayamba kuwathawa pang'onopang'ono. Poyamba ankatsuka chitseko chimodzi kawiri. Kenako anayamba kufunsa mwini galimoto kuti wadzatani, galimoto atangomaliza kuitsuka. Tsiku lina anandifunsa ngati ndamuona Wamkulu akudutsa. Ndinati ayi, ndipo sikunali kunama. Mwini bwalo anali munthu wabwino. Anawasunga chaka chathunthu akungowapatsa zochotsa phula zokha, chifukwa pamenepo sankalakwitsa ngakhale kamodzi. Atayamba kusochera pobwerera kunyumba, namwino anati basi, akhale pakhomo. Ine ndinasiya ntchito chaka chomwecho. Maso anga anali atayamba kulephera kuona thovu la pobooka pachubu.

Mlongo wanga ndi amene anayamba kuona choopsa.

"Dzina langa amaliiwala, achimwene," anandiuza tili pakhonde. "Koma manja awo sanaiwale kanthu. Dzulo ndawapeza ataima pabalaza akuyang'ana pansi. Zaka zonsezi sanayang'anepo."

Anasonkhanitsa palafini, mafuta ophikira, sopo, ziguduli zonse, ngakhale mafuta odzola, n'kuzitsekera m'kabati ya kukhitchini. Kiyi anamumangirira pakona ya nsalu yake. Pophika ankatsegula, n'kuthira mafuta mumphika, n'kukiyanso. Ndipo sankawasiya okha. Akafuna kuchoka ankandiitana.

Lachiwiri lina anayenera kupita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Ndinafika m'mawa. Alamu anali pampando wawo, atavala malaya oyera, mabatani atawasemphanitsa.

"Kabati ndakiya, kiyi ndili naye," anatero mlongo wanga akuvala nsapato pakhomo. "Inu chanu n'kuwayang'ana basi. Musagone."

"Ine ndimagona masana?"

"Mumagona. Mumachita kutsegula kukamwa."

"Pitani, mukapeza mzere watalika."

Masiku amenewo alamu ankakana chakudya, ndipo anali ataonda. Ndinkadziwa kuti buledi wopaka ndi tiyi sangakane. Choncho pobwera ndinali nditagula buledi ndi kachitini ka majarini, zili m'jumbo. Sindinabise. Sindinaganize chabe. Ine amene ndinamva nkhani ya khanda lachifuwa ija kakhumi, ndinaika jumbo patebulo, pafupi ndi phazi lachitatu, n'kunena kuti, "Alamu, ndikaphike tiyi."

Magetsi anali atazima. Ndinatulutsa mbaula kuseri kwa nyumba. Makala anali onyowa, ndinalimbana nawo nthawi yaitali, ndikukupiza ndi chivindikiro cha poto. Atayaka ndinatereka madzi n'kukhala pachitsa, msana kukhoma, kuti ndipume pang'ono. Dzuwa linali lokoma.

Chinandidzutsa ndi fungo la poto wopserera. Madzi onse anali ataphwa, ndipo mthunzi wa nyumba unali utasuntha. Ndinalowa mothamanga, mmene nkhalamba ingathamangire.

Alamu anali atagwada pabalaza, ali chifuwa pamtunda. Malaya anali atawapinda bwino pampando. Vesiti yawo anali ataing'amba tizidutswa tofanana, ndipo togwiritsidwa kale ntchito anali atatiunjika pachivindikiro cha chitini kuti tisadetse pansi. Anali atatsata mmene mwana anayendera. Phazi loyamba panalibe. Lachiwiri panalibe. Lachitatu anali akulipukuta komaliza, mbali imodzi yokha, akupinda kansalu. Phula lija linali litakhala pamwamba pa polishi wa mlongo wanga, silinalowe m'simenti, ndipo litafewa linanyamuka lonse. Ntchito inali yaukhondo. Sindinaonepo yoposa imeneyo.

"Alamu," ndinatero. "Mukutani?"

"Mwafika bwino. Tandigwirirani ichi."

"Alamu, awa si ochotsa."

Anandiyang'ana. Maso awo anali owala kuposa mmene ndinawaonera chaka chonsecho.

"Ndinalankhula molakwa," anatero. "Munalipo inu. Ndinati adzachotse yekha. Ndi mawu a kholo amenewo? Mwana wapsa ndi dzuwa milungu iwiri, abwere adzagwade apa? Ndiye mwaona, sakubwera. Akuopa. Amandidziwa ndikakwiya." Anapinda kansalu kaja. "Akamva kuti ndachotsa ndekha, abwera."

Anakwawa ndi maondo kupita kuchitseko, akukoka chitini. Ndinagwada n'kuwagwira pamkono. Unali wowonda, koma mphamvu zinalimo.

"Latsala limodzi," anatero. "Ndisiyeni."

"Tidikire mayi ake."

"Mayi ake ndi amene anakwiya kwambiri. Apeze zatha."

Sindinawasiye. Tinakhala choncho, nkhalamba ziwiri zitagwada pakhomo, wina atagwira mnzake, mpaka ndinamva geti likulira.

Mlongo wanga anaima pakhomo ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Anayang'ana pansi, kuchokera patebulo kufika pamene tinali. Kenako analowa ndi nsapato. Chiyambire kukhala m'nyumba imeneyo ndinali ndisanaone zimenezo. Anapita pamene panali phazi loyamba, anawerama, anasisita ndi zala. Panali posalala. Pankangooneka malo otuwirako, pamene polishi wa zaka zisanu ndi zinayi sanafike.

"Munagona," anatero osandiyang'ana.

"Ndinagona."

Anaona chitini, anaona buledi patebulo. Sanafunse. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Mayi ake," anatero alamu, "akabwera musamukalipirenso. Ndachotsa ine. Nkhani yatha."

Mlongo wanga anabwera n'kukhala pansi, miyendo atatambasula, pakati pa alamu ndi phazi lomaliza. Anaphimba phazilo ndi chikhatho chake. Linali chidendene ndi mbali imodzi, moti dzanja lake linatsala pang'ono kulikwanira.

"Ili ndi langa," anatero motsitsa. "Atatu mwatenga. Ili mundisiyire."

"Likatsala adzadziwa bwanji kuti ndamukhululukira? Akangotsegula chitseko ayamba kuona limeneli."

"Bambo ake, mwana uja…"

Sanamalize. Namwino anali atatiuza kuti tisamawauzenso, chifukwa nthawi iliyonse ankalira ngati akumva koyamba, ndipo pofika madzulo ankakhala ataiwala n'kuyambanso kufunsa.

Panja panadutsa wogulitsa masamba akuitanira. Tinamumva mpaka anakhota.

"Munayamba liti kuganiza zimenezi?" anafunsa mlongo wanga.

"Tsiku lililonse," anatero alamu. "Ndinatenga botolo tsiku lija. Inu munati ndinanena ndekha. Ndipo n'zoona, ndinanena."

Zinthu zambiri anali ataiwala. Msewu wa kwawo, dzina la mkamwini, ngati adya kapena ayi. Koma m'mawa uja anali nawo wonse.

Mlongo wanga anatseka maso. Misozi inkatsika yokha, nkhope osasuntha. Dzanja linakhala paphazi paja nthawi yaitali, ndipo ndinaona chala chake chachikulu chikutsata m'mphepete mwa chidendene, monga ankachitira Loweruka. Kenako analichotsa n'kuliika pamwendo pake.

"Asiyeni, achimwene."

Ndinamasula mkono uja. Zala zanga zinali zitasiya mizere pakhungu lawo.

Alamu anafufuza pambali pawo n'kupeza kuti tizidutswa ta vesiti tatha. Anayamba kuyang'ana uku ndi uku, akusowa mtendere. Kiyi wa kabati anali pansalu ya mlongo wanga, ziguduli zonse zili mmenemo. Iye sanadzuke. Anamasula mpango wa kumutu, anaukung'untha, anaupinda kanayi mmene alamu ankapindira, n'kuwapatsa. Imvi zake zinali zambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

"Ndi woyera," anatero. "Mulibe mchenga. Malizani, bambo ake."

Alamu anakhala ndi moyo miyezi ina isanu ndi iwiri. Chiguduli sanachigwirenso, ndipo kabati inasiya kukiyidwa. Za Wamkulu sanafunsenso. Anangopempha kuti mpando wawo uchoke pakona, uyang'ane kuchitseko, ndipo ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa atavala malaya oyera. Malo otuwa aja mlongo wanga anawapaka polishi Loweruka lotsatira, yekha, ndipo patatha mwezi sankaonekanso. Ine ndimapitabe kwawo Lachiwiri. Timamwa tiyi. Za tsiku lija mlongo wanga sanandinenepo kanthu, ndipo tonse awiri timadutsabe cha kukhoma.

Koma masana aja, atalandira mpango, alamu sanathamangire chitini. Chitseko chinali chotsegula, ndipo dzuwa linali litagwera pakhomo m'mawa wonse lisanakwere padenga. Anauika mpango paphewa. Anawerama, anatembenuza dzanja, n'kuika kuseri kwake pasimenti, pambali penipeni pa chidendene cha mwana wawo. Anapendeketsa mutu pang'ono.

"Pazizira," anatero.